Masamba Ofiira ndi Nkhope ya a Gama

Tiyamike ndi Dalitso, ana anga, mutu uno ndaulemba chifukwa cha mawu amene ndinakumvani mukuuzana m'Chingerezi pa Khirisimasi, poganiza kuti makutu anga anakalamba. Munati bambo anataya ntchito chifukwa cha makani, kutangotsala zaka ziwiri kuti apume mwaulemu. Sindinakuyankheni pomwepo chifukwa panali alendo. Ndikuyankhani pano, ndipo chilichonse chimene ndilembe chili ndi pepala lake m'bokosi lobiriwira lija la pansi pa masitepe, limene amayi anu akhala akufuna kulitaya chisamukire kuno ku Bowie. Ntchito ndinaitayadi. Ndinaitaya chifukwa cha chithunzi chimodzi cha mitengo, chimene pansi pa mtengo wina panakhala munthu. Kuti mumvetse chifukwa chake sindikanatha kumusiya munthuyo mumdima, ndiyambire kumene manja angawa anaphunzira ntchito.

Limbe, zaka zisanu ndi ziwiri zoyamba

Ntchito yanga yoyamba inali ya m'situdiyo ina ku Limbe, kuseri kwa sitolo ya nsalu. Kalata yondilemba ntchito ndikadali nayo, ya mizere inayi, yosainidwa ndi mwini situdiyo, a Jana. Anali munthu wamfupi, wosuta kwambiri, wosadziwa kuyamikira. Zithunzi za nthawi imeneyo zinali zakuda ndi zoyera basi, ndipo zambiri zinali za pasipoti ndi za maukwati. Za maukwati ndi zimene zinkavuta. Mkwatibwi wavala diresi loyera mbee, mwini wake ndi wakuda, ndipo pepala la chithunzi silitha kunyamula zinthu ziwirizi palokha. Ukaliwalitsira nthawi yaitali kuti maluwa osokedwa pa diresi aoneke, nkhope imamira, kumangotsala mano ndi maso. Ukafupikitsa nthawi kuti nkhope ituluke, diresi limasanduka chibowo choyera. A Jana anali ndi chida chawochawo, sipoko ya njinga imene kunsonga kwake anamatako kakatoni kozungulira. Kuwala kukamagwera pa pepala m'chipinda chamdima muja, iwo ankagwedeza kakatoniko pamwamba pa nkhope kwa masekondi angapo, kuti nkhope ilandire kuwala kochepa kusiyana ndi diresi.

Tsiku lina ndinawabweretsera chithunzi chimene ndinkachinyadira, diresi likuoneka ulusi uliwonse. Anachiyang'ana kamodzi n'kuchiponya m'ndowa.

"Wasindikiza diresi, Chisale. Nanga mwini diresi ali kuti?"

"Ali pomwepo, bwana."

"Pomwepo pali makala. Choyera chizikhala ndi kanthu mkati, chakuda chizikhalanso ndi kanthu mkati. Mayi wake wa mtsikanayu sakubwera kudzaona diresi ayi, analiona kale kwa telala. Akubwera kudzafuna mwana wake."

Mapepala osindikizira ankasowa, nthawi zina mwezi wathunthu, ndipo akabwera a Jana ankawatsekera m'kabati kiyi n'kuika m'thumba. Ndiye sitinkayesera pa pepala lonse. Tinkadula pepala limodzi m'timizere ting'onoting'ono, kamzere kalikonse kukayesera, kenako kulemba kuseri kwake masekondi amene tapereka. Kamzere kotero sikatayidwa, chifukwa mawa kudzabwera chithunzi chofanana nacho ndipo sudzaononganso pepala. Chizolowezi chosunga mapepala chimene mumandiseka nachochi ndinachitenga kumeneko.

Alexandria, Okutobala wanga woyamba

Ndinafika m'dziko lino la Amereka mu Epulo, kutsatira amayi anu amene anali atapeza kale ntchito ya unamwino. Mu Juni ndinalembedwa ntchito pa shopu yotsuka mafilimu ku Alexandria, ya Bambo Tesfaye, munthu wa ku Ethiopia, wamtali, wodekha, wokonda khofi wowawa. Makina ake anali otsuka ndi kusindikiza zithunzi zamitundu m'ola limodzi. Ine ndinkakhala pa kawindo ka makinawo, chithunzi chilichonse chikamadutsa n'kumaona ngati mtundu wina wachuluka. Kufiira kukachuluka ndichotseko, chikasu chikachuluka ndichotseko. Miyezi yotentha yonse ndinagwira bwino, ndipo Bambo Tesfaye anayamba kundisiya ndekha masana.

Kumayambiriro kwa Okutobala mayi wina wachikulire, mzungu, anabweretsa mafilimu atatu. Anali atapita ndi zidzukulu zake kumapiri a kumadzulo, kumene masamba amasintha msanga. Ku Alexandria mitengo inali ikadali yobiriwira, ndipo panalibe amene anandiuzapo zimene zimachitika m'dziko lino nyengo imene amati folo. Nditayang'ana pa kawindo ndinaona phiri lonse lili psuu, mitengo ina yachikasu ngati papaya. Kwathu masamba amafiira pophukira, pang'ono chabe, ndipo akamauma amangokhala otuwa ndi fumbi. Phiri lonse kufiira chonchi sindinalionepo. Ndinaganiza kuti mayiyo anasiya mafilimu m'galimoto yotentha, ndipo ndinamumvera chisoni. Ndinakhala pansi n'kukonza chithunzi chimodzichimodzi, kuchotsa kufiira, kuwonjezera kubiriwira, mpaka mitengo inayamba kuonekako ngati mitengo. Ndinagwira mosamala kwambiri tsiku limenelo.

Mayiyo atatsegula envelopu anayang'ana zithunzizo chimodzichimodzi. Kenako anafunsa mwaulemu ngati ndikudwala maso. Mitengo inali yamtundu wa matope, ndipo zidzukulu zake zinali zobiriwira nkhope ngati zadya chinthu choipa. Bambo Tesfaye anapepesa, analonjeza kubwereza zonse, ndipo mayiyo atangotuluka anaseka mpaka kukhala pa bokosi la mankhwala.

"A Chisale, mwachiritsa nkhalango yonse! Madokotala alipo ambiri m'tauni muno, koma wochiritsa mitengo ndi inu nokha."

Atamaliza kuseka anandilembera kalata yondichenjeza, ndipo ndinaisaina chifukwa inali yoona. Koma Lamlungu titaweruka ku tchalitchi anabwera ndi galimoto yake, anatitenga ine ndi amayi anu, natiyendetsa maola awiri kupita kumapiri aja. Tinaima pamalo ena okwera. Mapiri onse anali psuu, ndendende monga m'mafilimu aja. Amayi anu ndi amene anafunsa ngati mitengoyo idzakhalenso ndi moyo. Pobwerera Bambo Tesfaye anandiuza chinthu chimodzi chokha, kuti ndisadzakonzenso chimene sindinachione ndi maso anga. Ndinachilemba kuseri kwa kalata yochenjeza ija, ndipo mukachipeza pomwepo.

Kuyambira chaka chimenecho zithunzi za masamba zinakhala ntchito yanga yeniyeni. Ndinapeza kuti vuto lake ndi lofanana ndi la diresi la ku Limbe. Munthu waona nkhalango ikuyaka, wajambula, koma pa pepala zimatuluka ngati phala, chifukwa tsamba lofiira, lachikasu chakuda ndi lofiirira onse amawala mofanana. Ambiri amaganiza kuti mankhwala ake ndi kuthiramo mtundu wambiri. Ayi. Chofunika ndi kusiyanitsa kuwala ndi mdima, chimene pa ntchito timati kontirasiti. Thunthu la mtengo lide koma makungwa aoneke, tsamba limene lagwidwa ndi dzuwa liwale koma mitsempha yake isafufutike. Zikatero mtundu umadzuka wokha.

Silver Spring, kuyambira chaka chachisanu ndi chinayi

Lendi itakwera ku Alexandria, Bambo Tesfaye anasamutsira shopu ku Silver Spring, ndipo ndinasamuka nayo. Mafilimu anayamba kuchepa, mankhwala otsukira anayamba kuvuta kupeza, mpaka tsiku lina makina a ola limodzi aja anatulutsidwa pakhomo ndi amuna anayi. Tinatsala ndi makompyuta ndi makina aakulu osindikizira zithunzi za pakhoma ndi makalendala. Ndinali nditapitirira zaka makumi anayi pamene ndinagwira mausi koyamba, ndipo ndinkaigwira ngati ili ndi mano. Koma nditaizolowera ndinapeza kuti a Jana ali momwemo. Pa kompyuta pali kamzere kamene umakapinda. Ukakokera mmunsi mbali ya mdima, zakuda zimada, ukakwezera mmwamba mbali ya kuwala, zowala zimawala. Palinso kaburashi kotetezera malo amodzi kuti kusinthako kusafikepo, ndipo kameneko ndiye sipoko ya njinga ija. Ine ndinkayamba ndi kufufuza malo akuda kwambiri m'chithunzi, kenako owala kwambiri, ndipo ndikatha kupinda kamzere ndinkayendera chithunzi chonse kuona ngati muli munthu. Mukakhala munthu, mitengo idikire.

Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ankabwera ambiri nyengo imeneyi. Munthu wavala jekete yatsopano, waima pansi pa mtengo wofiira, akufuna atumize kumudzi. Wina anandiuza kuti achibale ake atalandira chithunzi anaimba foni kufunsa ngati ku Amereka kwagwa chilala. Pa kauntala pathu panali Mayi Mulenga, a ku Lusaka, amene tinagwira nawo ntchito zaka khumi ndi zinayi. Ndiwo ankauza anthu athu, m'kalankhulidwe ka kwawo, kuti, "Pasani ba Chisale, aba ndiye baziba nkhope zathu." Ndinkanamizira kusamva, koma zinkandikoma.

Bambo Tesfaye atadwala msana anagulitsa shopu kwa kampani ina ya mashopu ambiri. Sinditchula dzina lake, lili pa mapepala. Kampaniyo inatitumizira manijala dzina lake Brandon, wamsinkhu wa iwe Dalitso, amene tsiku loyamba lomwe anandiitana kuti Wedson, dzina limene ngakhale amayi anu salitchula pagulu. Sanali munthu woipa mtima. Anali munthu amene anapatsidwa pepala, ndipo pepalalo linkati kuyambira Seputembala mpaka kutha kwa Novembala, chithunzi chilichonse cha panja chizidutsa pa batani limodzi la kompyuta lokometsera masamba, ndipo wantchito asamakonze chithunzi pamanja. Batanilo linkapinda kamzere kaja mwamphamvu, mofanana pa chithunzi chilichonse. Masamba ankayakadi. Azungu oima pa dzuwa ankatuluka bwinobwino. Koma munthu wakuda akakhala pamthunzi ankasanduka makala a a Jana aja.

Ndinalembera Brandon makalata atatu, iliyonse ndi zitsanzo zake zomata pa pepala. Anandiyankha kamodzi, kuti batanilo linayesedwa mokwanira ku likulu. Ndinalembanso kufunsa kuti linayesedwa pa nkhope za ndani. Funso limenelo silinayankhidwe mpaka lero, ndipo kope lake lilipo. M'malo mwa yankho ndinalandira makalata awiri ondichenjeza. Yoyamba inali chifukwa ndinakonza pamanja chithunzi cha kwaya ya amayi itaima panja pa tchalitchi. Yachiwiri inali chifukwa ndinauza kasitomala wina zoona, kuti chithunzi chake chikhoza kuoneka bwino kuposa pamenepo. Pansi pa yachiwiriyo panalembedwa kuti yachitatu idzakhala yondichotsa ntchito. Zitatero ndinakhala chete, ndipo ndinadina batanilo nyengo yonseyo ndi ya chaka chotsatira ngati wina aliyense. Chimenechi ndikuchilemba ndi manyazi.

Silver Spring, Novembala wa chaka chomaliza

Linali Lachitatu masana pamene Mayi Mulenga anasuzumira kuchipinda changa.

"Ba Chisale, bwelani muone ivi."

Pa kauntala panaima Mayi Gama, atavala yunifolomu ya kunyumba yosamalira okalamba kumene ankagwira ntchito. Tinkadziwana ku tchalitchi. Amuna awo, a Gama, ankayendetsa basi yonyamula odwala, ndipo anamwalira mwadzidzidzi nyengo yozizira yapitayo. Thupi linapita kwawo ku Ntcheu m'bokosi lotseka. Tsopano Mayi Gama ankanyamuka Loweruka kupita kumwambo wa chiliza, ndipo ankafuna kutengera apongozi awo, mayi wa malemuwo, chithunzi chachikulu. Gogoyo anali asanamuone mwana wake chichokere kumudzi, zaka zoposa makumi awiri. A Gama ankadana ndi kujambulidwa, ndiye chithunzi chaposachedwa chinali chimodzi chokha. Mayi Gama ankajambula mitengo pa dziwe lina ku Bowie, ndipo amuna awo analowamo mwangozi, atakhala pa benchi pakona, pamthunzi wa mtengo wofiira. Anali ataitanitsa chithunzicho pa intaneti, ndipo chinali chitadutsa pa batani.

Anachitambasula pa kauntala. Masamba ankachita kulasa m'maso. Pakona panali chinthu chakuda bii.

"A Chisale, awa si a Gama. Ichi ndi chitsa. Ndikawauza chiyani amayi, kuti mwana wanu ndi uyu?"

Sanalire. Ankangosisita pakonapo ndi chala ngati kudako kungachoke.

Ndinawapempha adikire, ndinakatsegula chithunzi chenichenicho pa kompyuta. Nditachepetsa mdima pang'ono pokha ndinaona chipewa, khutu, mbali ya mphuno. Munthuyo analimo. Inali ntchito ya ola limodzi kapena kuposerapo. Ndinapita kwa Brandon ndi zithunzi ziwirizo. Anati akumvetsa, ndipo akhoza kuwabwezera mayiwo zimene analipira kapena kusindikizanso. Ndinati kusindikizanso pa batani lomwelo n'kutulutsanso chitsa chomwecho. Ndinapempha kuti ndichikonze pamanja pa nthawi yanga ya nkhomaliro. Anakana, nati makina aakulu salandira chithunzi chosadutsa pa batani pokhapokha wina alizimitse, ndipo likazimitsidwa ku likulu amaona dzina la wozimitsayo. Kutenga chithunzi cha kasitomala kupita nacho kunyumba kunalinso koletsedwa. Ndinaimbira foni mashopu ena awiri amene ndinkawadziwa, onse anati ntchito yapamanja ya kukula kotero amaitumiza kutali ndipo imabwera pakatha masiku khumi. Ndinabwerera pa kauntala n'kuwauza Mayi Gama kuti abwere Lachisanu. Sindinawauze china chilichonse.

Lachinayi mmawa, tikumwa tiyi, ndinawafotokozera amayi anu. Inu simukudziwa kuti nthawi imeneyo anali atasiya kale ntchito chifukwa cha maondo, ndipo inshuwalansi ya chipatala ya tonse awiri inkachokera ku ntchito yanga. Kutaya ntchito kunali kutaya imeneyo, opaleshoni ya bondo lachiwiri isanachitike. Anamvetsera osandidula, kenako anaika kapu pansi.

"Mukandifunsa ine, ndikuuzani kuti musatero."

"Ndiye n'chifukwa chake ndikukufunsani."

"Simukundifunsa ayi, bambo a Tiyamike. Mwavala kale taye. Inu taye mumavala mukamakayambana ndi munthu."

Ndinayang'ana pachifuwa panga, inalidi pomwepo. Kenako anati bondolo lakhala likuwawa zaka zisanu, silingalephere kudikirako, koma ndege ya Mayi Gama siidikira. Anawonjezera kuti ndikachita zimenezi ndichite bwino, asadzamve kuti ndinataya ntchito chifukwa cha chithunzi chosaoneka.

Sindinafune kuchita mobisa. Ndinalemba kalata ya makope awiri, yonena kuti nthawi ya teni koloko ndizimitsa batani pa chithunzi cha Mayi Gama, ndi zifukwa zake. Brandon anali asanafike, ndiye kope limodzi ndinaika pa tebulo lake. Ndinapempha Mayi Mulenga asaine ngati mboni.

"Imwe mudala, mufuna banipishe nchito naine? Nili na bana ku koleji. Sinizasaina."

Sindinawaimbe mlandu. Patapita mphindi zochepa anandibweretsera tiyi, chinthu chimene sanachitepo zaka khumi ndi zinayi zonsezo, natseka chitseko changa potuluka.

Ndinayamba ndi munthu. Ndinamuzungulira ndi kaburashi kotetezera kaja, iye ndi benchi yake, n'kuyamba kuchepetsa mdima pang'onopang'ono. Nkhope ikamatuluka mumdima imayamba yatuwa ngati phulusa, ndipo pamenepo ndi pamene ambiri amalakwitsa. Amapitiriza kuwalitsa mpaka munthu wakuda asanduke woyera, wachilendo kwa abale ake. A Gama ndinkawadziwa, ndinakhalapo nawo benchi imodzi ku tchalitchi. Anali akuda kwenikweni, khungu losalala, ndipo ndinafuna akhale akuda chomwecho koma aoneke. Ndinabwezeramo kufunda pang'ono, ndinakweza kuwala kwa pachipumi ndi pa tsaya pokha, pamene dzuwa lodutsa m'masamba linawakhudza. Ndevu za imvi zinatuluka. Pamwamba pa diso lamanzere panatuluka kachipsera kamene ndinali nditakaiwala. Nditatha munthu ndinapita ku mitengo. Ndinapinda kamzere mofatsa, mathunthu anada makungwa akuonekabe, ndinachepetsa kufiira kumene kunaundana kuti tsamba lililonse lidziimire palokha, ndipo madzi a padziwe ndinawadetsa pang'ono kuti mitengo ionekeremo. Ndinasindikiza timizere titatu toyesera, monga ku Limbe, n'kulemba kuseri. Kachitatu kanali bwino.

Makina aakulu atangoyamba kukoka pepala, chitseko chinatseguka. Brandon anali ndi kalata yanga m'manja. Akanatha kuimitsa makinawo ndi chala chimodzi. Anaima kumbuyo kwanga, tonse tikuyang'ana chithunzi chikutuluka, masamba kaye, kenako dziwe, kenako a Gama pa benchi yawo.

"Ichi chili bwino kuposa chija, ndikuona," iye anatero. "Koma mukudziwa chimene ndiyenera kuchita, Wedson."

"Ndikudziwa. Chilekeni chiume kaye, musachigwire."

Anachilekadi.

Lachisanu Mayi Gama anabwera nthawi ya nkhomaliro. Nditachitambasula anapempha mpando. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anaseka pang'ono, nati chipewa chimenecho ankachibisa kuti asamachivale, koma mwini wake ankachipezabe. Ndinachikulunga m'chubu cha katoni kuti chisapindike m'ndege. Atatuluka, Brandon anandiitana n'kundipatsa kalata yachitatu. Imanena kuti ndachotsedwa chifukwa cholephera kutsatira ndondomeko yoteteza ubwino wa zithunzi. Ubwino wa zithunzi! Mawu amenewo ndinawadula mzere pansi ndi inki yofiira, ndipo ndikawawerenga lero mtima umatenthabe. Ndinasaina kuti ndalandira, ndinalemba pambali kuti sindikuvomereza, ndinatenga kapu yanga ndi timizere tanga titatu, n'kukakwera sitima.

Bowie, lero

Sindikubisirani, chaka chotsatiracho chinali chovuta. Opaleshoni ya amayi anu inachedwa, ndipo ndinkawamva akukwera masitepe amodziamodzi, akupumira pakati. Sananditonzepo, koma ine ndinkamva sitepe iliyonse. Inu munkaona bambo ali pakhomo osagwira ntchito, ndipo simunafunse. Ifenso sitinakuuzeni.

Mayi Gama anabwerako mu Januwale. Anali atamva za ntchito yanga kwa Mayi Mulenga, ndipo tsiku lina titaweruka ku tchalitchi anandiimitsa pakhomo, akufuna kupepesa. Ndinawaletsa, ndinati angondiuza mmene zinayendera. Anati mwambo utatha anatambasula chithunzicho pamphasa pamaso pa apongozi awo. Gogoyo, maso ake ofooka kale, anayamba wafunsa kuti mitengo imeneyi yapsa ndi chiyani. Anthu anaseka, wina anayamba kufotokoza. Koma iye sankamvanso, anali atafika pakona. Anawerama mpaka mphuno kutsala pang'ono kugunda pepala, anaika chala pa kachipsera kaja, nati apa anadzitema ndi khasu ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ankafuna kulima ngati bambo ake. Kenako anasisita ndevu zija.

"Wakalamba mwana wanga. Ndiye anafika pomera imvi? Ine ndimangomuona mnyamata uja anakwera basi."

Mayi Gama anati gogoyo anakana kuti chithunzicho chikhomedwe pakhoma, chifukwa pakhoma n'patali ndi maso ake. Amachisunga m'chubu momwemo pafupi ndi pogona, ndipo alendo akabwera amachitulutsa yekha.

Nyengo ya masamba ikafika ndimapitabe ku dziwe lija ndi amayi anu, tsopano akuyenda bwino. Benchi ija ilipo. Ndimajambula pa foni, ndikafika kunyumba n'kukonza chimodzi kapena ziwiri, popanda wondiwerengera nthawi.

M'bokosi lobiriwira muja, envelopu ya kumapeto ili ndi chidutswa cha chithunzi cha batani chija chimene Mayi Gama anandisiyira, timizere titatu toyesera, ndi kalata yondichotsa ntchito. Muike chidutswacho pambali pa kamzere kachitatu, pa tebulo, pamalo owala. Muyang'ane pakona. Mukatero n'kuonabe kuti anali makani, nenani ndithu, koma mudzanene pamaso panga, m'Chichewa, kuti ndikuyankheni.